Mboni Imodzi ya Aliness

Aliness wa kwa Nazombe ndi mayi wamfupi, wa mawu apansipansi, woti akamakupatsa moni umachita kupendeketsa khutu. Anabadwira pamudzi pomwe akukhala mpaka lero, kuseri kwa phiri la Michesi, ndipo nyumba yake ili pomwe kale panali khola la mbuzi la amayi ake, a Eveles. Sukulu anailekezera sitandade sikisi, chaka chimene amayi akewo anayamba kutupa mawondo n'kumalephera kugwira khasu. Kuchokera pamenepo moyo wake unali wa kumunda basi: chinangwa, nandolo, ndi kachigawo ka chimanga kamene chaka china kamabereka, chaka china n'kungopsa ndi dzuwa. Kumsika amamudziwa ndi makaka, chinangwa chouma. Ake amakhala oyera mbee, chifukwa iye sayanika pansi ngati anzake. Amakwera nawo pathanthwe n'kukhala pomwepo akuingitsa mbuzi mpaka aume.

Mwamuna wake, Stafford Makina, ndi wa kwa Mkhumba. Anadzakhala chikamwini atamuona Aliness pa msonkhano wa makwaya, ndipo anthu ankaseka kuti banjali linapatsidwa pakamwa pamodzi, koma Stafford anatenga ponse. Munthuyo ankayankhula. Ankatsutsana ndi wailesi, ankatsutsana ndi abusa pa nkhani ya nyimbo, ankatsutsana ndi mavenda pa sikelo. Koma dzanja lake silinakhudzepo munthu. Mwana wawo woyamba, Loyce, akaswa mbale, bamboyo ankangomuzenga ndi mawu mpaka mwanayo kuwodzera.

Monga mkamwini, ntchito zolemetsa za pamudzi zinkamupeza, ndipo anamuika m'gulu la adzukulu, okumba manda. Mkulu wa gululo anali a Sitima, nkhalamba yomwe inaferedwa mkazi kalekale, yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi msitu wa kumanda.

Mwana wachiwiri anabadwa m'nyengo yokolola nandolo, kunja kukutentha, fumbi lili koboo m'misewu. Aliness atatuluka kuchipatala analowa m'chikuta monga amachitira amayi onse akwawo: kukhala m'nyumba ndi khanda, osatuluka, mpaka mchombo utagwa. Ali m'chikutamo, pamudzi panagwa maliro a mayi wina wachikulire. M'mawa Stafford akunola chikwanje chake kuti azipita kumanda, apongozi ake anamuyankhula atakhala chapatali, nkhope ataloza kukhoma, poti mkamwini ndi apongozi sayang'anana.

"Akamwini, mukakagwira dothi la kumanda, muno musadzalowemo. Muli khanda losagwa mchombo. Chitsulo chanucho nachonso chisadzafike pabwalo pano."

"Nanga ndizikagona mumtengo, amayi?"

"Kwa a Sitima kulibe khanda."

Stafford anang'ung'udza monga mwa khalidwe lake, koma anamvera. Maliro ataikidwa, dzuwa likupendeka, anabwera n'kuima kumalire kwa munda, pamene pali mzere wa khonje, n'kuitana chapatali.

"Make Loyce, kamunthuko kakuyamwa?"

"Kakuyamwa."

"Chikwanje ndalowetsa pansi pa khonjepa, ana angadzicheke nacho. Ukauze kamunthuko kafulumire kugwetsa mchombo. Kwa a Sitima akuti kuli nsikidzi zonyamula munthu ndi mphasa yomwe."

Aliness anaseka yekha m'nyumbamo. Anamuona pazenera akulowera njira ya kwa a Sitima, malaya ali paphewa, miyendo ili mbuu ndi dothi.

Madzulo a tsiku lomwelo, Lachiwiri, kumtunda kwa Fort Lister, pamene msewu umapanikizika pakati pa mapiri awiri, venda wina wogula nandolo anatchingiridwa njira ndi anthu awiri ophimba nkhope ndi nsanza. Anamutema pamkono ndi chikwanje n'kumulanda njinga yamoto. Ali kuchipatala anauza apolisi kuti mawu a mmodzi mwa iwo anawazindikira. Anati anali a mkamwini wa kwa Nazombe uja anamuchititsa manyazi pagulu, kumunena kuti sikelo yake ndi yakuba.

Apolisi anafika pakhomo a Eveles ali kunyumba ya maliro kukapepesa. Anapeza Aliness yekha, ndipo iye anangotsegula chitseko pang'ono, khanda lili pachifuwa.

"Mayi, amuna anu anagona muno Lachiwiri?"

"Ayi."

"Nanga dzulo?"

"Ayi."

"Ali ndi chikwanje?"

"Ali nacho."

"Chili kuti?"

"Chili pansi pa khonje, kumalireko."

Iye ankaganiza kuti mwina ndi nkhani yodula mitengo kuphiri, ndipo ankadziwa kuti mwamuna wake kuphiri sapita. Chifukwa chimene Stafford sankagonera pakhomo sanachinene. Za mchombo ndi za kogona mwamuna si nkhani zouza amuna achilendo, ndiponso palibe anamufunsa. Apolisiwo anakasolola chikwanje chija pansi pa khonje. Chinali ndi madontho ofiira, ouma, a utomoni wa muzu wa mlombwa umene adzukulu anakumana nawo pokumba. Wapolisi wamkulu anachiyang'ana, anayang'ana mnzake, n'kuchikulunga m'thumba. Analemba zimene Aliness ananena, iye n'kusaina dzina lake pang'onopang'ono, mosamala, monga anamuphunzitsira kusukulu. Stafford anakamutengera pamsika, ali pa bawo.

Mchombo unagwa, Aliness anatuluka m'chikuta, ndipo ulendo wake woyamba ndi khandalo unali wa kupolisi kuboma. Belo anawakaniza. Anati mlanduwo ndi wa chida, munthu anavulala, komanso kwawoko malire a Mozambiki ali pafupi, munthu akhoza kungowoloka osadzaonekanso. Stafford anamutumiza kundende kukadikira mlandu. Kuyambira pamenepo Aliness anaudziwa msewu wa pa Fort Lister ngati njira ya kumjigo. Akagulitsa makaka ankakwera kabaza, akapanda kugulitsa ankayenda pansi, mwana kumsana, kambale ka nyemba za kalongonda kali m'chitenje. Akafika pamalo pamene anthu ankati ndi pomwe venda anatemedwera, ankafulumiza miyendo osayang'ana kumbali.

Loya anamupeza mwamwayi. Mayi wina wogulitsa nthochi panja pa khoti anamuuza kuti kuli maloya a boma othandiza anthu osauka, ndipo mmodzi amabwera masiku ena kuchokera kutauni. Anali a Cornelius, bambo wachinyamata wowonda, wonyamula mafailo ochuluka moti ena ankawapanira kukhwapa. Atakamuona Stafford m'chitokosi anatuluka n'kumuitanira Aliness pansi pa mtengo wa mango. Aliness anagwada. Iwo anamuuza kuti akhale pabenchi, koma iye anangokhala pansi, miyendo atatambalala.

"Mayi, ndikuuzeni mosabisa. Kuba moopseza ndi chida, n'kuvulaza munthu, ndi mlandu wa zaka zambiri. Mwana ali kumsanayo akhoza kudzafika sitandade eyiti bambo ake asanatuluke."

Aliness anangokoka chitenje kumangitsa mwanayo.

"Boma lili ndi zinthu zitatu. Venda akuti anamva mawu awo. Chikwanje chinapezeka chobisidwa. Chachitatu ndi mawu anu omwe, oti sanagone pakhomo."

"Koma sanagonedi, bwana."

"Ndikudziwa. Simunaname. Zinazi ndilimbana nazo ine. Mawu a munthu wophimba pakamwa ndi nsanza, dzuwa litalowa, munthu akhoza kuwasokoneza. Koma chimene chingawatulutse amuna anu n'chimodzi: munthu amene anali nawo madzulo amenewo abwere, aime m'khotimo, alumbire, anene. Anali ndi ndani?"

"A Sitima."

"Winanso?"

"Adzukulu ena anali atabalalika. Amakhala okha agogowo."

"Ndiye a Sitimawo ndi chilichonse chimene muli nacho. Ndikhoza kupempha khoti liwalembere samani."

Apa Aliness anadzutsa mutu, kwa nthawi yoyamba n'kuwayang'ana kumaso. "Pepani bwana, musatero. Akangoona pepala la boma awoloka. Ali ndi abale ku Mozambiki. Ndikawapempha ndekha."

Anapita tsiku lotsatira. Anawapeza a Sitima akusenda chinangwa pakhonde, ndipo anagwada pabwalo chapatali. Nkhalambayo sinakane kanthu. Inati zoonadi, mnyamatayo anafika dzuwa lisanalowe, anadya limodzi kalongonda, anatsutsana za mpira wa pa wailesi mpaka iwo kutopa naye, ndipo anagona m'khitchini. M'mawa anamupeza momwemo akudandaula za nsikidzi.

"Ndiye mukanene zimenezo kukhoti, agogo."

A Sitima anasiya mpeni. "Mwanawe, khoti ulidziwa iwe? Mchimwene wanga anapita kumeneko kale, kukangofotokoza za ng'ombe ya eni imene anaiona ikudutsa. Kungofotokoza basi. Anamufunsa uku, kumufunsa uku, mpaka ng'ombeyo inakhala yoti waba ndi iyeyo. Anabwerako mano atatha m'kamwa. Tsono ine ndikati mnyamatayo anagona kwanga, sadzati ndiye kuti njingayo tinagawana?"

"Loya akuti mboni samanga."

"Loyayo akadzatha amakwera galimoto n'kumapita kwawo."

Aliness anapitanso, anapitanso. Anawathandiza kusenda chinangwa chonse. Mvula yoyamba itagwa anakawabzalira chimanga, munda wake womwe usanabzalidwe. Mapeto ake a Sitima anati chabwino, apita.

Mbali ya boma inatha kupereka umboni wake mvula ili pakati. Venda anabwera ndi chipsera chake n'kuloza Stafford. A Cornelius anamupanikiza mpaka anavomera kuti nkhope sanaione, koma pa mawu anakakamira. Anati munthu amene anakunyoza pagulu mawu ake suwaiwala. Wapolisi anavomera kuti madontho a pachikwanje sanawapime kuti adziwe ngati ali magazi. Aliness atamva zimenezo mtima unakhala pansi pang'ono. Woweruza, mayi wa magalasi woyankhula mosathamanga, anati Stafford ali ndi mlandu woti ayankhe, abweretse mboni zake.

Tsiku loyamba la mboni, Aliness anafika kwa a Sitima m'mamawa ndi wakabaza. Anapeza chitseko chomangidwa ndi luzi, nkhalamba italowera kumunda kosadziwika. Khoti linapereka tsiku lina. Tsiku limenelo anawapeza atafunda bulangete mpaka kumutu, akuti malungo, koma pambali pali mbale yoti angomaliza kudya. Woweruza anavula magalasi n'kuwauza a Cornelius kuti mlanduwu wakhalitsa, woimbidwa mlandu naye akuvutika pa limandi, ndipo tsiku limene apereke tsopano ndi lomaliza.

Aliness anapita kwa amalume ake, a Davison, mwini mbumba. Iwowa ndi munthu wodziwa kuyankhula pabwalo. Maukwati ambiri a pamudzipo anamanga ndi iwo, milandu ya malire a minda amakaimira ndi iwo. Anavala chipewa n'kupita naye kwa a Sitima. Amuna awiriwo anakhala pakhonde nthawi yaitali, iye ali pansi pa mtengo akuyamwitsa. Kenako anamuitana.

"Iwe Aliness, nkhani yatha," anatero a Davison. "Agogo akowa thupi lawo silingathe ulendo, komanso pagulu amachita chibwibwi. Ndiye mawu awo onse andipatsa ine. Ndawalandira ndi manja awiri. Ndikawatula ine kukhotiko."

"Koma amalume, loya anati abwere eni ake."

"Mwana iwe, unabadwa liti? Ukwati wako anakatula mawu ndani, si ine? Amayi ako anapitako? Munthu wamkulu akatuma, wotumidwayo ndi iye amene. Ngakhale boma limatuma. Loyayo ndi mwana, akaona munthu wamkulu wabwera aona kuti talemekeza khoti."

A Sitima anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pansi. Aliness anakabwereka foni kwa mnzake n'kuyesa nambala ya a Cornelius, koma sinkapezeka, ndipo atayesanso mawa lake inangolira osayankhidwa. Anaganiza za milandu yonse imene anaionapo pamudzi. Panalibe ndi umodzi womwe umene mawu otumidwa anakanidwa. Ndiponso amalume ake anali asanagonjepo pabwalo. Mantha anali nawo, koma anawakankhira pansi, ndipo anachapa jekete la amalume akewo n'kulisita yekha ndi simbi ya makala.

Tsiku la mlandu a Cornelius anafika mochedwa, akuchokera ku khoti lina, nsapato zili matope. Anamuona Aliness pakhomo ali ndi bambo wachikulire wa jekete, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Mwabwera nawo. Zikomo bambo Sitima, mwachita bwino."

"Ine ndine Davison, malume wake wa mwanayu. A Sitima andituma."

A Cornelius anaima chilili. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo kalaliki anaitana dzina la Stafford Makina. Anangoti, "Mayi, mwandipha," n'kulowa.

Anayamba ndi kupempha tsiku lina. Woweruza anawakumbutsa zimene ananena ulendo watha. Ndiye Stafford anafotokoza mbali yake, ndipo pambuyo pake a Cornelius anaitana Aliness. Iye anaima m'kabokosi ka mboni, ndipo pamaso pa amuna onsewo, apolisi, ndi amalume ake omwe, ananena za chikuta, za mchombo, za dothi la kumanda. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono moti woweruza anamuuza kangapo kuti akweze. Atamaliza, wapolisi woimira boma anaimirira.

"Mayi Makina, dzuwa litalowa tsiku limenelo, amuna anu munawaona?"

"Anapita kwa a Sitima."

"Sindinafunse kumene anapita. Munawaona ndi maso anu?"

"Ayi."

"Ndiye atakhala kuti anakhotera ku Fort Lister, inu mukanadziwa bwanji muli m'nyumba?"

Aliness anayang'ana pansi. Wapolisiyo anakhala.

A Davison sanadikire kuitanidwa bwino. Anaimirira, anakonza jekete, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira pabwalo la mfumu. Anthu ena anaseka. A Cornelius, poti panalibenso china, anapempha kuti khoti liwamve.

"Zikomo amayi woweruza, zikomo mabwana nonse, ndi anthu mwasonkhana pano. Ine pano ndine pakamwa chabe. Mawu ndi a a Sitima, mkulu wa adzukulu kwathu. Iwo akuti..."

Woimira boma anali ataimirira kale. Woweruza anakweza dzanja.

"Bambo, inuyo tsiku limenelo munali kwa a Sitima?"

"Ayi, ine ndinali kunyumba ya maliro."

"Woimbidwa mlanduyu munamuona madzulo amenewo?"

"Ine ayi, koma a Sitima anamuona, ndipo andipatsa mawu onse, osasiyako ndi limodzi lomwe."

"Ndikumva, bambo, ndipo sindikuti mukunama. Koma khoti limamva munthu amene anaona yekha, kuti a mbali inayi athe kumufunsa mafunso. Inu akakufunsani kuti chitseko cha khitchini chinali chotseka kapena chotsegula, muyankha chiyani?"

"Ndikhoza kukafunsa."

Anthu anasekanso, koma woweruza sanaseke. A Davison anatembenuka kuyang'ana anthuwo, nkhope itagwa. "Kwathu ukwati timamanga ndi mawu otumidwa. Maliro timalengeza ndi mawu otumidwa. Ine sindinatumidwepo n'kubwezedwa."

"Kwanu zimatheka, bambo. Pano lamulo silindilola. Khalani pansi."

Aliness anayang'ana mwamuna wake. Ankayembekeza kuti ayankhula, atsutsa, monga ankatsutsira wailesi ndi abusa. Stafford anangogwira thabwa la kutsogolo kwake ndi manja onse awiri, kukamwa kuli chete.

Chigamulo chinabwera chimanga chikucha. Woweruza anati za madontho a pachikwanje sakuziwerengera, poti sanapimidwe. Koma venda ankamudziwa bwino Stafford ndi mawu ake, chikwanje chinali chobisidwa, mkazi wake yemwe sakudziwa kumene anali, ndipo munthu amene akuti anali naye anapatsidwa mpata katatu osabwera. Anamupeza wolakwa. Zaka khumi ndi ziwiri, akugwira ntchito yakalavulagaga. Aliness sanalire m'khotimo. Analira panjira, pa Fort Lister, atakhala pamwala, mpaka mayi wina wosenza nkhuni anatula mtolo n'kukhala naye osamufunsa kanthu.

A Davison sanatulukenso pakhomo pawo kwa masabata. A Eveles anasiya kudya bwino, akungobwereza kuti ndi iwo anamuthamangitsa mkamwini pakhomo. Abale a Stafford anabwera kuchokera kwa Mkhumba, anayankhula mawu owawa, oti mwana wawo anamukwatitsa kwa anthu omugulitsa kwa apolisi, n'kunyamula njinga yake yakapalasa ndi wailesi. Aliness sanawaletse.

Ndiye tsiku lina m'mawa, akutsuka mbale, anaona munthu akubwera ndi ndodo. Anali a Sitima, atavala malaya oyera a kutchalitchi, mabatani atamanga mpaka pakhosi. Anaima kumalire kwa bwalo.

"Make Loyce, ndabwera. Tulo sindikugona. Nditengere kukhotiko ndikanene."

Aliness anawayang'ana nthawi yaitali, mbale ili m'manja. M'kamwa mwake munadzaza mawu amene sanawanenepo kwa munthu wamkulu chibadwire. Anawameza. Anangoti, "Khoti linatha, agogo."

"Silingatsegulidwenso?"

Funso limenelo analitenga n'kupita nalo kwa a Cornelius. Anawadikira panja pa khoti masiku angapo mpaka anawapeza. Loyayo anamvetsera, akupukuta kumaso ndi kansalu.

"Apilo ndalemba kale, ipita ku khoti lalikulu. Koma apilo kawirikawiri amangoyang'ana zimene zinanenedwa kale. Kuti alole mboni yatsopano n'kovuta, mayi, chifukwa adzafunsa kuti mboniyo inali kuti nthawi yonseyi. Ndiyesa. Mubwere nawo alumbire, ndilembe mawu awo. Koma pepala lokha silikwana. Akatilola, adzafuna kuwaona eni ake, kuwafunsa mafunso."

"Liti, bwana?"

"Sindikudziwa. Milandu ndi yambiri. Mwina chaka chino, mwina cha mawa. Ali ndi zaka zingati agogowo?"

"Sadziwa."

"Ndiye muwasamale. Akhale moyo, ndipo mutu ukhale ukugwira."

A Sitima anapitadi kukalumbira, atakwera kabaza. Pobwera mvula ya chiperoni inawapeza pamtunda paja, ndipo anafika kunyumba atanyowa mpaka mkati. Sabata yomweyo anayamba kutsokomola. Chisanu cha mwezi wa Juni chitafika, chifuwacho chinakhazikika. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi n'kunena kuti azidya bwino, azifunda.

Wowadyetsa bwino panalibe. Ana awo ali ku Mozambiki, ndipo adzukulu anzawo amangodutsa kudzafunsa za makasu. Choncho Aliness ndiye anayamba. M'mawa uliwonse amaphika phala, amathiramo nsinjiro, n'kunyamula kupita nalo kumapeto kwa mudzi lisanazizire. Bulangete la Stafford anakawafunditsa iwo. Nkhuku yake ikaikira, dzira limapita kumeneko, Loyce akuliyang'ana. Tsiku lina mwanayo anafunsa kuti kodi agogo a Sitima ndi abale athu, ndipo mayi ake anangomuuza kuti atenge tsache asese.

Kumjigo amayi amamutama. Amati Aliness ndi Mkhristu weniweni, munthu woti anamulakwira chotere iye n'kumamuphikira. Iye amangopopa madzi. Sangawauze kuti akamawapatsa phala agogowo sawayang'ana kumaso, ndiponso kuti nthawi zina dzanja limafuna kutaya mbaleyo pansi. A Sitima nawo amadziwa. Tsiku lina analandira mbale n'kuigwira osadya.

"Ukundinenepetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi, make Loyce."

"Idyani, agogo, lizizira."

"Ukanakhala wina ukanandithira tameki."

"Mapilitsi mwamwa?"

"Ndamwa."

"Tsegulani dzanjalo."

Anatsegula. Mapilitsi anali momwemo. Anati amawawawa pakhosi. Aliness anatunga madzi n'kuima pomwepo mpaka anameza, kenako anawafunsa, monga amachitira masiku onse, kuti afotokoze za tsiku lija. Anafika nthawi yanji Stafford? Anadya chiyani? Anagona kuti? Nkhalambayo inayankha bwino, koma pa ndiwo inayamba yati nandolo, kenako n'kudzikonza kuti kalongonda. Sabata yatha sanalakwitse pamenepo.

Kundende amapitabe akapeza ya kabaza. Stafford anawonda, ndipo mawu ake anachepa. Safunsanso za mpira kapena za mitengo ya nandolo. Amangogwira waya n'kufunsa chinthu chimodzi, kuti mdala uja ali bwanji, ndipo Aliness amati ali bwino, akudya. Za chifuwa samuuza. Kwa a Cornelius kulibe uthenga. Akawaimbira pa foni yobwereka amati tidikire, mayi, tsiku silinatuluke.

Makaka chaka chino sanayanike ambiri, nthawi yokhala pathanthwe palibe. Mukafuna kumuona Aliness, dzukani m'mawa kukadali nkhungu, muime panjira ya kumanda. Adzadutsa ndi mwana kumsana, mbale yovindikira ili m'manja, akuyenda mothamanga. Koma akafika pabwalo la a Sitima sagogoda msanga. Amaima pafupi ndi chitseko, mpweya ataugwira, khutu atalozetsa mkati. Nthawi zina mumakhala zii kwa kanthawi. Kenako chifuwa chija chimamveka, chouma, chokoka, chonga munthu akung'amba chiguduli. Akachimva amapuma, n'kunena kuti odi.